Nambala Yobadwira m'Mabowo 31 a Bawo

(Nyimbo yotsegulira. Itsike pang'onopang'ono.)

Nthawi yathu ya masamu ija yakwana. Ana asukulu, kope ndi cholembera zikhale pafupi. Amayi ndi abambo, musachokepo, pakuti za lero zikukhudzani ndi inu nomwe.

Lero ndabwera ndi mlendo mmodzi yekha, ndipo mlendoyo ndi nambala. Lembani mmene ndikutchulira: 2, 1, 4, 7, 4, 8, 3, 6, 4, 7. Ndibwereze kuti wina asatsale: 2, 1, 4, 7, 4, 8, 3, 6, 4, 7. Mukawerenga zimene mwalembazo zikwane khumi. Mukaika mipatuliro m'malo mwake, muona 2,147,483,647. Potchula timati 2 biliyoni, 147 miliyoni, 483 sauzande ndi 647.

Kukula kwake n'kotere: mutati muyambe kuwerenga kuchokera pa 1, nambala imodzi pa sekondi iliyonse, osagona, osadya, osapuma, mungafike pa nambala imeneyi patatha zaka 68. Mwana wobadwa tsiku limene munayamba adzakhala ali ndi imvi ndi zidzukulu. Zaka 68 zimenezi muzisunge, tidzazifunanso kutsogoloku.

Tiyambe ndi kumene nambalayi imachokera. Ndikupemphani kuti m'maganizo mwanu mupite pansi pa mtengo wamango paja amuna amasewera bawo. Bawo lili ndi mizere inayi, mzere uliwonse mabowo 8, onse pamodzi 32. Lero sitisewera. Tabwereka bawolo, ndipo m'manja tili ndi chimanga. M'bowo loyamba tiika njere imodzi. M'lachiwiri ziwiri. M'lachitatu zinayi. M'lachinayi 8. Lamulo ndi limodzi: bowo lililonse lilandire kuwirikiza kawiri za bowo limene langodutsa. Mzere woyamba ukutha ndi njere 128, ndipo mukaphatikiza za mzere wonsewo ndi 255. Zimenezo n'zokwana m'manja. Mzere wachiwiri ukutha ndi njere 32,768. Apa bowo lachepa kale, tayamba kuthira m'ndowa. Pofika kumapeto a mzere wachitatu, bowo limodzi lokha likufuna njere zoposa 8 miliyoni. Tipitirire mpaka bowo la 31, lomaliza tilisiye lopanda kanthu. Mukasonkhanitsa njere zonse za m'mabowo 31 amenewa, zikwana 2,147,483,647 ndendende. Titayerekeza kuti njere zitatu zilemera galamu imodzi, amenewo ndi matumba a makilogalamu 50 oposa 14,000.

Pali kanthu kokoma apa kamene ndikufuna mukaone ndi maso anu. Za mabowo awiri oyamba, 1 ndi 2, zikwana 3, ndipo bowo lotsatira lili ndi 4. Za mabowo atatu zikwana 7, lotsatira lili ndi 8. Za mabowo anayi zikwana 15, lotsatira 16. Nthawi zonse zimene mwasonkhanitsa zimaperewera ndi njere imodzi kuti zifanane ndi bowo lotsatira. Choncho bowo lathu lomaliza lija likanalandira 2,147,483,648, kuposa mabowo onse 31 ndi njere imodzi yokha. Mwa masamu timati: lembani 2 ka 31, muwachulukitse onsewo, kenaka muchotsepo 1. Umo ndi mmene mlendo wathu amabadwira.

Mlendo akafika pamudzi sitiyamba n'kumuyeza msinkhu. Timamufunsa kumene wachokera, mfunda wake, ndi amene ali naye pachibale. Anthu a masamu amachita chimodzimodzi ndi nambala. Kukula kokha sikunena zambiri. Amaifunsa mafunso, ndipo mayankho ake ndi amene amaiika m'magulu.

Funso loyamba n'lapafupi. Kodi ingagawike pawiri popanda chotsala? Yang'anani kumapeto kwake. Pali 7, ndiye ayi, patsala 1. Nanga ndi 5? Yogawika ndi 5 imathera ndi 0 kapena 5, choncho ayinso. Nanga ndi 3? Njira yake mukuidziwa: phatikizani manambala khumi aja mmodzimmodzi. 2 ndi 1 ndi 3, kuonjeza 4 ndi 7, kuonjeza 7 ndi 14, kuonjeza 4 ndi 18, kuonjeza 8 ndi 26, kuonjeza 3 ndi 29, kuonjeza 6 ndi 35, kuonjeza 4 ndi 39, kuonjeza 7 ndi 46. Ndipo 46 mukamugawa ndi 3 patsala 1. Yakana. Yesani ndi 7, patsala 1. Yesani ndi 11, patsalanso 1. Yesani ndi 31 amene, patsala 1.

Apa mtima uyamba kugunda, chifukwa mwina tili ndi nambala ya gulu lapadera, imene m'mabuku a kusukulu amaitcha prime. Ife tiziti nambala yosagawika: yoposa 1, imene palibe nambala ina yoigawa bwinobwino kupatula 1 ndi iyo mwini. Zitsanzo ndi 2, 3, 5, 7, 11, 13. Ana 13 simungawaike m'mizere yofanana pokhapokha onse akhale mzere umodzi, kapena aliyense akhale mzere wakewake. Koma kunena kuti nambala ya mabiliyoni ndi yosagawika chifukwa yakana manambala asanu kapena asanu ndi limodzi n'kuweruza mlandu mboni zisanathe. Nanga mboni zake zilipo zingati? Tiyese mpaka pati?

Mwayi wake, sitiyenera kuyesa manambala 2 biliyoni onse. Taonani 36. Amagawika ngati 2 kuchulukitsa ndi 18, 3 ndi 12, 4 ndi 9, 6 ndi 6. Manambala ogawa amayenda awiriawiri, wamng'ono ndi wamkulu, ndipo amakumana pakati, pa 6. Ngati wamng'ono sanapezeke pofika pakati, wamkulunso kulibe. Kwa nambala yathu pakati pamenepo ndi pa 46,340. Ntchito yachepa, komabe tangoganizani kukhala pansi ndi cholembera, kugawa nambala ya mabiliyoni maulendo 46,000. Ngakhale mutasankha manambala osagawika okhaokha, alipo pafupifupi 4,800. Ndipo mukalakwitsa pamodzi pokha, ntchito yonse yapita m'madzi.

(Nyimbo pang'ono.)

Tisanafike kwa munthu amene adathetsa mlanduwu, tione kaye banja la mlendo wathu. Manambala a bawo aja, 3, 7, 15, 31, 63, 127, 255 ndi otsatira ake, amatchedwa manambala a Mersenne, potengera dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene adakhala ndi moyo kuyambira 1588 mpaka 1648. Ena m'banjali ndi osagawika, ena ayi. Anthu adaona msanga kuti chiwerengero cha mabowo chikakhala chogawika, njere zakenso zimagawika. Mabowo 4 apereka 15, amene ndi 3 kuchulukitsa ndi 5. Mabowo 6 apereka 63, amene ndi 7 kuchulukitsa ndi 9. Koma mabowo 2 apereka 3, mabowo 3 apereka 7, mabowo 5 apereka 31, mabowo 7 apereka 127, ndipo onsewa ndi osagawika. Ndani sangakopeke n'kunena kuti lamulo lapezeka?

Msampha uli pa 11. Mabowo 11 apereka 2,047. Poiona imaoneka yolimba, koma chulukitsani 23 ndi 89, muipeza yathyoka pawiri. Ana anga, malo amenewa ndimawakonda kwambiri pophunzitsa, chifukwa amaonetsa kuti chinthu chikachitika kanayi motsatizana sindiye kuti chidzachitika kachisanu. Munthu wochenjera ngati Pietro Cataldi wa ku Bologna, m'dziko la Italy, adagwera momwemo. Iye adagwira ntchito yabwino: adagawa ndi manja n'kutsimikiza kuti mabowo 17 apereka 131,071 ndipo mabowo 19 apereka 524,287, zonse zosagawika. Koma atatero adanenanso kuti 23, 29, 31 ndi 37 zidzatero, asanayese. Pa zinayizo adalakwa zitatu. Ya mabowo 23 ndi 8,388,607, ndipo imagawika ndi 47. Ya mabowo 29 imagawika ndi 233. Ya 37 nayonso imagawika. Idatsala ya 31, yathu ija, imene adailondola mwamwayi chabe.

Mersenne naye mu 1644 adalemba mndandanda wake, ndipo 31 adalimo. Koma kunena si kutsimikiza, ndipo mndandandawo udali ndi zolakwa zake. Mwachitsanzo adaikamo 67. Padapita zaka zoposa 250 kuti manambala oigawa apezeke. Mu 1903 ku New York, pamsonkhano wa akatswiri a masamu, Frank Nelson Cole adapita pabolodi, n'kuwerengera nambala ya mabowo 67 mbali imodzi, mbali ina n'kuchulukitsa 193,707,721 ndi 761,838,257,287. Mayankho adafanana. Amati adabwerera kukakhala pampando osalankhula mawu ngakhale amodzi, anthu n'kumuombera m'manja.

Tsopano tifike kwa Leonhard Euler. Adabadwira ku Basel, m'dziko la Switzerland, mu 1707, ndipo zaka zake zomaliza adakhala ku St Petersburg, ku Russia. Diso lakumanja lidasiya kuona iye akadali wa zaka za m'ma 30. Lakumanzere lidachita ng'ala, ndipo pofika mu 1771 adali wosaona pafupifupi kotheratu. Chaka chomwecho moto udabuka mumzindawo n'kutentha nyumba yake. Munthu wa zaka 64, wakhungu, nyumba yapsa. Masamu ankawawerengera m'mutu, ena n'kumalemba zimene iye akunena, nthawi zina iye mwini n'kumakanda zilembo zikuluzikulu ndi choko pa sileti. Ndi munthu ameneyu amene mu 1772 adalembera kalata mmodzi wa akatswiri a banja la Bernoulli, kumuuza kuti watsimikiza kuti 2,147,483,647 ndi yosagawika.

Adachita bwanji? Mvetserani bwino, chifukwa mtima wa pulogalamu ya lero uli pano. Euler sadayambe ndi kugawa. Adayamba ndi kufunsa kuti: ngati ilipo nambala yogawa mlendo wathuyu, iyenera kuoneka motani?

Pierre de Fermat, wa ku France, adali atapeza kale mu 1640 kuti nambala yosagawika imene imagawa wa m'banja la Mersenne wa chiwerengero cha mabowo chosagawika imakhala ndi chizindikiro. Bwererani ku 2,047 wa mabowo 11. Wirikizani 11 kawiri, mupeza 22. Manambala omugawa aja ndi 23 ndi 89. Onani: 23 ndi 22 kuonjeza 1. Ndipo 89 ndi 22 kanayi, 88, kuonjeza 1. Sizinangochitika ayi, ndi lamulo. Choncho kwa mabowo 31, wirikizani 31 kawiri mupeze 62. Nambala yosagawika iliyonse yofuna kugawa mlendo wathu iyenera kusiya 1 ikagawidwa ndi 62. Ofunika kuwayang'ana ndi 63, 125, 187, 249, kumangolumpha 62 nthawi iliyonse. Pa manambala 62 alionse, 61 achotsedwa osawakhudza n'komwe. Pa 46,000 paja patsala osakwana 750.

Euler adaonjezapo sefa yachiwiri. Adadziwa kuti nambala yoteroyo ikagawidwa ndi 8 iyenera kusiya 1 kapena 7. Yesani: 23 asiya 7, ndipo 89 asiya 1. Sefa imeneyi ichotsa theka la otsala aja. Mukaphatikiza masefa awiriwa, nambala yoyenera kuyesedwa ndi yokhayo imene ikagawidwa ndi 248 isiya 1 kapena 63. Zoterozo pansi pa 46,340 zilipo pang'ono kupitirira 370, ndipo zambiri mwa izo n'zogawika, zosafunika kuziyesa. Ntchito ya maulendo 46,000 idasanduka ntchito yoti munthu mmodzi n'kuimaliza. Zotsalazo zidayesedwa, ndipo palibe ngakhale imodzi imene idagawa.

Amayi akamapeta mphale sachotsa gaga ndi zala, kamodzikamodzi. Amadziwa kuti gaga ndi wopepuka, ndiye amaponya m'mwamba, lichero n'kuchita ntchito yake. Euler adapeta manambala. Ine ndimakhulupirira kuti mwana akamvetsa kusiyana kwa kutola ndi kupeta, walowa m'masamu enieni, ngakhale asanaloweze matebulo onse. Ndipo chimandiwawa ndikaona mwana wanzeru akudziyesa mbuli chifukwa choti amachedwa kugawa, pamene palibe adamuuzapo kuti funso lalikulu n'lakuti tigawe ndi ziti, ndipo chifukwa chiyani.

Nambala ya Euler idakhala yaikulu koposa mwa zosagawika zotsimikizika kwa zaka zambirimbiri, iye mwini atamwalira kale mu 1783. M'banja la Mersenne ndi yachisanu n'chitatu mwa zosagawika: mabowo 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, kenaka 31. Ilinso ndi ulemu wina wosowa. Chiwerengero cha mabowo ake, 31, nachonso ndi cha m'banja lomwelo, chifukwa mabowo 5 apereka 31. Mwana wa Mersenne wobadwa kwa Mersenne mnzake. Zosagawika zotero zimene zikudziwika zilipo zinayi zokha: 7, 127, yathuyi, ndi ina ya manambala 39 yochokera m'mabowo 127, imene Édouard Lucas adaitsimikiza mu 1876.

(Nyimbo pang'ono.)

Mukumvera pulogalamu ya masamu, ndipo mlendo wathu ndi 2,147,483,647. Tamupeza kuti sagawika pawiri, ndi wosagawika n'komwe, ndiponso ndi wa banja la Mersenne. Timufunse mafunso ena awiri.

Loyamba ndi la Agiriki akale. Tengani nambala, mupeze onse oigawa kupatula iyo mwini, muwaphatikize. Kwa 12 ndi 1, 2, 3, 4 ndi 6, pamodzi 16. Zapitirira 12, ndiye timati 12 ndi wosefukira. Kwa 8 ndi 1, 2 ndi 4, pamodzi 7. Zaperewera, ndiye 8 ndi woperewera. Koma kwa 6 ndi 1, 2 ndi 3, pamodzi 6 ndendende. Kwa 28 ndi 1, 2, 4, 7 ndi 14, pamodzi 28. Amenewa ndi manambala angwiro, ndipo ndi osowa zedi: 6, 28, 496, 8,128, kenaka mulumphe mpaka 33,550,336. Mlendo wathu ali pati? Popeza womugawa ndi 1 yekha, ndi woperewera kotheratu. Nambala ya mabiliyoni, chuma chake 1.

Komabe wosaukayu amabala wangwiro. Euclid, amene ankaphunzitsa ku Alexandria m'dziko la Egypt zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, adaonetsa izi: mukasonkhanitsa njere za m'mabowo n'kupeza nambala yosagawika, ichulukitseni ndi njere za m'bowo lomaliza, mupeza nambala yangwiro. Mabowo awiri: zonse 3, lomaliza 2, zipereka 6. Mabowo atatu: zonse 7, lomaliza 4, zipereka 28. Mabowo asanu: 31 kuchulukitsa ndi 16, ndi 496. Tsono tengani mlendo wathu, mumuchulukitse ndi njere za m'bowo la 31, zimene ndi 1,073,741,824. Yankho lake ndi 2,305,843,008,139,952,128, nambala yangwiro yachisanu n'chitatu. Euler yemweyo adatsimikizanso kuti nambala yangwiro iliyonse yogawika pawiri imabadwa mwa njira yokhayi. Nanga ilipo yangwiro yosagawika pawiri? Funso limeneli lakhala zaka zoposa 2,000, ndipo mpaka lero palibe waipeza, palibenso watsimikiza kuti kulibe. Likudikira munthu.

Funso lachiwiri ndi la masikweya, manambala ngati 1, 4, 9, 16, 25, amene amabwera nambala ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe. Joseph-Louis Lagrange adatsimikiza mu 1770 kuti nambala iliyonse ingalembedwe pophatikiza masikweya osapitirira anayi. Ena amakhutira ndi awiri, monga 13, amene ndi 9 ndi 4. Koma nambala yosiya 7 ikagawidwa ndi 8 imaumirira anayi onse. Onani 7 mwini: 4, 1, 1, 1. Onani 31: 25, 4, 1, 1. Mlendo wathu ndi wa gulu louma mutu limeneli. Amene muli ndi kakyuleta pa foni, lembani manambala anayi awa: 46,339, 425, 10 ndi 1. Chulukitsani iliyonse ndi iyo yomwe, muphatikize zonse. Mukaona zimene zituluke, muuzeko mnzanu.

Mwina wina pakhonde apo akufunsa kuti, zonsezi n'zokoma, koma phindu lake n'chiyani? Simuli oyamba kufunsa. Mu 1811 Mngelezi wina wa masamu, Peter Barlow, adalemba m'buku lake maganizo akuti nambala yangwiro ija mwina idzakhala yaikulu yomaliza kupezeka, poti zinthu zotere n'zongosangalatsa, zilibe ntchito, ndipo palibe adzavutike kufuna ina. Adalakwa pawiri. Anthu adapitiriza kufuna. Mu Okutobala 2024, Luke Durant wa ku America, pogwira ntchito ndi gulu la anthu ofufuza pa intaneti lotchedwa GIMPS, adapeza yosagawika ya mabowo 136,279,841. Kuilemba kokha kumafuna manambala 41,024,320. Ndi ya 52 mwa zosagawika za Mersenne zodziwika.

Kulakwa kwachiwiri n'kwa ntchito. Kompyuta simawerenga ndi zala khumi ngati ife. M'kati mwake muli timaswichi tating'onoting'ono, kalikonse koyaka kapena kozima. Kaswichi koyamba kakayaka kakuimira 1, kachiwiri 2, kachitatu 4, kachinayi 8. Mwalizindikira bawo lathu lija? Kwa zaka zambiri opanga mapulogalamu akhala akusunga nambala m'timaswichi 32, chimodzimodzi mabowo a bawo. Kamodzi amakapatula kuti kazinena ngati nambala ili pamwamba pa ziro kapena pansi pake, ngati ngongole. Totsala ndi 31. Tonse tikayaka, nambala yake ndi 2,147,483,647. Pamenepo ndiye pamalire. Mukaonjeza 1, m'makina ambiri zimachitika ngati mita yowerenga mtunda pa galimoto yakale ikadzaza ma 9 okhaokha: imagubuduka. Kusiyana kwake n'kwakuti iyi sibwerera pa ziro, imagwera pansi penipeni, pa ngongole ya 2,147,483,648.

Malire amenewa adamveka dziko lonse mu Disembala 2014, pamene nyimbo ya Gangnam Style ya woimba wa ku South Korea, PSY, idaoneredwa pa YouTube kopitirira nambala imeneyi, ndipo eni ake adalengeza kuti chowerengera chawo adachikulitsa kufika timaswichi 64. Kusagawika kwakenso kuli ndi ntchito. Makompyuta akafuna manambala ooneka ngati a maere, njira ina yotchuka, imene Stephen Park ndi Keith Miller adailimbikitsa mu 1988, ndiyo kuchulukitsa nambala ndi 16,807, kugawa ndi mlendo wathu, n'kusunga chotsala, kenaka kubwereza. Njirayi imadutsa manambala 2,147,483,646 osiyanasiyana isanabwerere pamene idayambira, ndipo zimenezi zimatheka chifukwa wogawayo ndi wosagawika. Chimene wakhungu uja adatsimikiza mu 1772 ndi chimene chikugwiriziza pamenepo.

Zaka 68 zija mwazisunga? Makompyuta ambiri amadziwa nthawi powerenga masekondi kuyambira pakati pa usiku, polowa pa 1 Januwale 1970, pa nthawi ya ku Greenwich. Sekondi iliyonse amaonjeza 1. Amene amasunga chiwerengerocho m'timaswichi 32 adzafika pa 2,147,483,647 pa 19 Januwale 2038, nthawi ili 03:14:07 ku Greenwich. Kuno ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe tili patsogolo ndi maola awiri, choncho idzakhala 05:14:07 m'mamawa, atambala akulira, anthu akunyamula makasu. Sekondi yotsatira, makina amene sadakonzedwe adzaganiza kuti tsikulo ndi 13 Disembala 1901. Musachite mantha ndi foni yanu: makina ambiri atsopano adasamukira kale ku timaswichi 64, ndipo malire a amenewo ali kutali zaka mabiliyoni. Nkhawa ili pa makina akale obisika m'zipangizo zimene zimaikidwa kamodzi n'kuiwalika. Ofunika kuwafufuza ndi kuwakonza ndi anthu odziwa kumene malirewo achokera, ndipo ana amene muli ku sekondale lero mudzakhala muli pantchito chaka chimenecho.

Nthawi yatithera, koma sindikusiyani manja lende. Nayi ntchito ya sabata ino, ndipo muigwire ndi cholembera, osati foni. Mabowo 13 apereka 8,191. Ndikufuna mutsimikize nokha ngati ndi yosagawika, poyenda njira ya Euler. Pakati pake ndi pa 90, chifukwa 90 kuchulukitsa ndi 90 ndi 8,100, ndipo 91 ndi 91 apitirira. Wirikizani 13 kawiri mupeze 26. Lembani manambala onse oposa 1 koma osafika 91 amene asiya 1 akagawidwa ndi 26. Mupeza atatu okha. Chotsanipo wogawika. Otsalawo muwapete ndi sefa ya 8, ija yofuna 1 kapena 7. Muone kuti atsala angati, ndipo ndi otsalawo mugawe 8,191. Amene mumalize msanga, yesani mabowo 17, amene pakati pake ndi pa 362.

Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzayamba ndi mayankho anu.

(Nyimbo yotsekera.)